Utsi ndi nkhawa zimafikanso m'mimba

Inu omvera athu a ku Metangula, Messumba, Chuanga mpaka ku Cobue, mukamva za tizilombo ta m'mimba mumaganiza za njoka za m'mimba kapena kolera. Komatu si tizilombo tonse timene tili adani. M'matumbo mwa munthu aliyense, ngakhale wathanzi, mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa mabakiteriya, tochuluka kuposa anthu onse a padziko lapansi. Tambiri timathandiza kugaya chakudya, kupanga mavitamini ena, komanso kutsekereza malo kuti tizilombo toyambitsa matenda tisakhazikike.

Akatswiri akafuna kudziwa zimene zimasokoneza tizilombo tabwinoti, amayamba ayesera pa mbewa. Si mbewa zokumba kumunda zija ayi. Izi ndi zoweta m'makola, ndipo amadziwa chilichonse chimene zadya ndi mpweya umene zapuma.

Tiyambe ndi utsi, poti ndi umene tili nawo tsiku ndi tsiku: wa nkhuni m'khitchini, wa makala, wowambira nsomba, ndi wa tchire likamapsa m'chilimwe. Mu utsi muli tifumbi tating'ono kwambiri, tina mutatindandalika 30 ndi pamene tingafanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Mwina mufunsa kuti utsi umalowa m'mapapo, nanga m'mimba ufikamo bwanji? Njira yake ndi iyi: thupi limakola tifumbito ndi mamina ndi makhololo, n'kumatikankhira kukhosi, ndipo inu mumameza osadziwa.

M'chaka cha 2013, akatswiri a pa yunivesite ya Alberta ku Canada anasakaniza fumbi la mumpweya wa m'tauni ndi chakudya cha mbewa. Anapeza kuti mitundu ya mabakiteriya m'matumbo mwake yasintha ndipo matumbowo ayamba kutupa. Mu 2018 akatswiri ena ku Chicago, m'dziko la America, sanazidyetse fumbilo, anangozipumitsa mpweya woipa kwa milungu 3. Mabakiteriya a m'matumbo anasinthanso.

Nkhani ya nkhawa ndi imene inandidabwitsa kwambiri. Mu 2011, Michael Bailey ndi anzake a pa yunivesite ya Ohio State ankaika mbewa yaimuna yolusa m'khola la mbewa zina kwa maola 2 tsiku lililonse, kwa masiku 6. Mbewa zovutitsidwazo zinkadya chakudya chomwe chija, koma mabakiteriya ena anachepa, ena anachuluka, ndipo m'magazi munaoneka zizindikiro za kutupa.  Ndipo msewu wake ndi wopita uku ndi uku: ku Japan mu 2004 anapeza kuti mbewa zoleredwa popanda bakiteriya aliyense m'thupi zimatulutsa timadzi ta nkhawa tochuluka zikapanikizidwa, kuposa zinzake. Atazipatsa bakiteriya wabwino mtundu umodzi, zinayamba kupirira ngati zinzake.

Mayi amene anagonapo osatseka maso, mwera ukuwomba bambo ali panyanja ndi bwato, amadziwa kale kuti nkhawa imagwira m'mimba. Chakudya sichilowa, ena mpaka amatsegula.

Apa ndinene mosabisa. Mbewa si munthu, ndipo zimene zapezeka pa mbewa sizitanthauza kuti mwana wanu akatsegula m'mimba ndiye kuti ndi utsi. Kawirikawiri ndi madzi oipa kapena manja osasamba, ndipo mwanayo afunika kumwa madzi a mchere ndi shuga a kuchipatala ndi kupita naye msanga. Koma kuti utsi umapha, zimenezo sizikudikira mbewa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati mu 2020 utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni, makamaka kudzera m'matenda a mtima ndi a m'mapapo monga chibayo.

Ndiye kunja kukakhala kulibe mvula, phikirani panja. Ngati khitchini yanu ilibe zenera, boolani khoma m'mwamba kuti utsi uzituluka. Nkhuni zikhale zouma, ndipo musakolezere moto ndi mapulasitiki. Amayi, powamba kampango kapena pouzira moto, tsitsani mwana kumbuyo, m'patseni wina amugwire kutali ndi utsi. Iye amapuma mofulumira kuposa inu. Abambo, nkhawa ya ngongole kapena ya ukonde wong'ambika musaisunge nokha mumtima, kambiranani m'nyumba kapena ndi mnzanu womudalira.

Chinanso, makapisozi ogula pamsika popanda kulemberedwa ndi achipatala amapha mabakiteriya abwino pamodzi ndi oipa omwe. Tizilombo tabwinoti timadya zimene mimba yathu siigaya yokha, ndipo zimapezeka mu nyemba, khobwe, chigwada, mbatata, mango ndi nsima ya mgaiwa. Nsomba ndi kondoole n'zabwino, koma pambali pake pasasowe ndiwo zamasamba.