Maphunziro a pa intaneti: Wavomereza ndani?

Wogulitsa nyemba sanena kuti nyemba zake n'zofumbwa, ndipo venda wogula mbewu sangakuuzeni kuti sikelo yake imaba. N'chifukwa chake sikelo imayenera kupimidwa ndi a Malawi Bureau of Standards, osati mwini wake. Koma ikafika nkhani ya maphunziro a pa intaneti, omwe masiku ano akutsatsidwa pa Facebook ndi WhatsApp, makolo ena akumagulitsa mbuzi n'kulipira fizi atangowerenga kuti sukuluyo ndi "yovomerezeka padziko lonse".

Funso lomwe limaiwalika ndi loti: wavomereza ndani?

Mu May 2015, nyuzipepala ya New York Times ya ku America idaulula za kampani ya Axact ya mumzinda wa Karachi ku Pakistan. Pamaso pa anthu inkaoneka ngati yopanga mapulogalamu a kompyuta, koma kuseri inkayendetsa masamba a pa intaneti osachepera 370, ambiri mwa iwo a masukulu ndi mayunivesite omwe kulibe n'komwe. Maina ake adasankhidwa mochenjera kuti azimveka ngati a sukulu zotchuka, monga Columbiana ndi Barkley. Ena mwa "aphunzitsi" omwe ankaoneka m'mavidiyo adali anthu azisudzo olembedwa ganyu.

Ukathyali weniweni udagona apa: a Axact ankadziwa kuti munthu wochenjera amayamba wafunsa za bungwe lomwe lidayendera sukuluyo. Choncho adapanganso mabungwe awoawo oyendera sukulu, okhala ndi maina aulemu, zidindo ndi masamba awo. Munthu akafufuza ankapezadi bungwe likuikira umboni sukuluyo, mtima n'kukhala pansi, osadziwa kuti mboni ndi woimbidwa mlandu akudyera mbale imodzi. Ena ankagulitsidwanso zikalata zoti boma la America latsimikiza digiri yawo, zokhala ndi siginecha yonamizira ya John Kerry, yemwe panthawiyo adali nduna yoona za ubale ndi maiko ena.

Wailesi ya BBC idalengeza mu 2018 kuti m'chaka cha 2015 chokha kampaniyi idagulitsa masatifiketi abodza oposa 215,000. Mmodzi mwa akuluakulu ake, Umair Hamid, adagamulidwa ndi khoti la ku New York mu 2017 kuti akakhale kundende miyezi 21.

Si onse otsatsa maphunziro omwe ndi akuba chotere. Ambiri amanena zoona, koma zoona zosakhudza chomwe kholo likufuna kudziwa. Mwachitsanzo, makampani ogulitsa maphunziro amakonda kulemba kuti maphunziro awo amatsata SCORM. Awa ndi malamulo a zaumisiri omwe adatuluka koyamba m'chaka cha 2000 kuchokera kunthambi ina ya unduna wa zachitetezo ku America. Cholinga chake n'chakuti phunziro lokonzedwa ndi kampani imodzi lizitha kutseguka pamakina a kampani ina, komanso kuti makinawo azisunga malikisi a wophunzira ndi pomwe walekezera.

Basi, ndi zomwezo. SCORM ili ngati pulagi yolowa bwino mu soketi: sinena ngati wailesiyo ikuimba nyimbo zabwino. Phunziro lodzaza ndi zolakwika likhoza kutsata SCORM bwinobwino. Chinanso, kampani iliyonse imatha kudzilembera yokha kuti ikutsata malamulowa, zomwe n'zosiyana ndi kupimidwa ndi anthu apadera n'kupatsidwa chikalata.

Ngakhale sukulu yeniyeni imatha kukokomeza. University of Phoenix, yomwe imaphunzitsa anthu ambiri pa intaneti ku America ndipo ndi yovomerezeka ndithu, idagwirizana ndi bungwe la boma loteteza ogula la Federal Trade Commission mu December 2019 kuti itaye madola 191 miliyoni pothetsa mlandu. Bungwelo lidati zotsatsa za sukuluyi zinkapangitsa anthu kukhulupirira kuti ikugwira ntchito ndi makampani monga Microsoft, Twitter ndi AT&T popezera ophunzira ake ntchito, pomwe sizidali choncho. Mwa ndalamazo, 141 miliyoni zidali ngongole za ophunzira zomwe sukuluyi idafafaniza.

Kuno kwathu, yemwe ali ndi mphamvu zopima sukulu zaukachenjede ndi bungwe la National Council for Higher Education, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011. Bungweli limatulutsa mndandanda wa sukulu ndi maphunziro omwe lawavomereza. Powerenga mndandandawo pamafunika diso, chifukwa kulembetsa sukulu n'kosiyana ndi kuvomereza maphunziro ake. Sukulu ikhoza kukhala m'kaundula, digiri yake ya zamalonda n'kukhala yovomerezeka, koma ina yomwe mwana wanu akufuna isadapimidwe.

Sukulu ikakhala ya kunja, umboni woyenera kuukhulupirira ndi wa boma la dziko lomwe sukuluyo ili. Ku South Africa unduna wa maphunziro apamwamba uli ndi kaundula wa sukulu zomwe si zaboma, ndipo ku America unduna wa zamaphunziro umasunga maina a mabungwe oyendera sukulu omwe umawadziwa. Dzina la bungwe lomwe lalembedwa pansi pa chidindo chija ndi lomwe muyenera kukalifufuza kumeneko, musadatumize ngakhale ndalama ya fomu.