Nyau mu Luso la Samson Kambalu, Wophunzira wa ku Mtunthama

Boma la Kasungu limadziwika ndi fodya, amene alimi amaumitsa m'zigafa asanapite naye ku msika wa Chinkhoma, koma m'boma lomweli muli Mtunthama, kumene Dr Hastings Kamuzu Banda anatsegula sukulu ya Kamuzu Academy mu 1981 kuti ana anzeru aziphunzira Chilatini ndi Chigiriki monga anzawo a ku Ulaya. Mmodzi mwa amene anaphunzira pasukuluyi ndi Samson Kambalu, wobadwa mu 1975, yemwe luso lake limaonetsedwa m'maiko ambiri, ndipo chochititsa chidwi n'chakuti gwero la lusolo si mabuku a Chilatini aja, koma Gule Wamkulu wa Achewa.

Luso la Kambalu ndi lamakono, kutanthauza luso limene silikhutira ndi kutsanzira maonekedwe a chinthu, koma limagwiritsa ntchito kanema, ziboliboli ngakhale thupi la mmisiri mwiniwake pofuna kudzutsa mafunso okhudza moyo wa lero. Kambalu amajambula timakanema tosapitirira mphindi imodzi, timene amatitcha Nyau Cinema, momwe iye amatulukira m'misewu ya mizinda yachilendo, nachita zosayembekezeka, kenaka n'kuzimiririka monga chilombo chobwerera ku dambwe, malo obisika amene gule amakonzekerako. Timakanema timeneti tinaonetsedwa pa chionetsero chachikulu cha ku Venice mu 2015.

Mu Seputembala 2022 chiboliboli chake chotchedwa Antelope chinaimikidwa pa bwalo la Trafalgar Square ku London. Chinatengedwa pa chithunzi cha mu 1914 cha John Chilembwe ndi mmishonale John Chorley, koma Chilembwe anakulitsidwa kwambiri kuposa mnzakeyo, ndipo wavala chipewa, pamene nthawi imeneyo munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Dzina la chibolibolicho limakumbutsa Kasiyamaliro, chilombo chooneka ngati mphoyo chimene chimalemekezedwa koposa pakati pa zilombo za nyau.

Bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, komabe amene amamuona ngati chinthu chakale chongoyenera kusungidwa amalakwitsa, pakuti osema zigoba akhala akuyankha zochitika za m'nthawi yawo kuyambira kale, monga anachitira posema Simoni, wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, ndiponso Maliya, pamene amishoni anafika m'midzi mwawo.