Mawu oti 'usabwerenso mawa' angakudyereni mpamba

Tiyerekeze kuti muli ndi kashopu pa Golomoti, m'mbali mwa msewu wa M5, ndipo pakhonde mudaikapo kathebulo ka Airtel Money ndi TNM Mpamba. Mudalemba mtsikana wa m'mudzi momwemo, mapangano ake apakamwa basi. Wagwira zaka zitatu. Tsiku lina madzulo powerengera ndalama mwapeza shoteji. Mtima wakwera, ndiye mwamuuza kuti: "Tenga zako, usabwerenso mawa."

Ambirife timaona ngati nkhani yathera pomwepo, chonsecho kumalamulo m'pamene yayambira.

Lamulo la zantchito la Employment Act la m'chaka cha 2000 silidapangidwire makampani akuluakulu okha ngati JCM Power, yomwe ili ndi malo opangira magetsi a dzuwa pa Golomoti. Limakhudzanso mwini chigayo cha mpunga pa Mtakataka, wa lesitilanti pa Mua ndi inu a kashopu. Limavomereza mgwirizano wapakamwa ngati wolembedwa. Munthu amene wakupalirani munda ku sikimu ya Bwanje, mwamulipira n'kusiyana, ganyu wake wathera pomwepo. Koma amene amabwera tsiku ndi tsiku, mumamuuza nthawi yolowa ndi yoweruka, n'kumamulipira mwezi ukatha, ameneyo ndi wantchito wanu ngakhale mumamutchula kuti mphwanu.

Gawo 57 la lamuloli limafuna zinthu ziwiri musanachotse munthu ntchito. Choyamba, pakhale chifukwa chomveka chokhudza khalidwe lake, kagwiridwe kake ka ntchito kapena mmene bizinesi ikuyendera. Chachiwiri, ngati mukumuneneza cholakwa, mumupatse mpata woti ayankhepo. Apa m'pamene mabwana ambiri amagwera. Mwina ndalama adatengadi, koma ngati simudamumve mbali yake, khoti likhoza kugamula kuti mudamuchotsa mopanda chilungamo. Kukamusiya kupolisi sikulowa m'malo mwa kumumva, chifukwa mlandu wakuba ndi nkhani yantchito zimayenda njira zosiyana.

Komanso nkhani ikafika kukhoti, gawo 61 limati wolemba ntchito ndiye ayenera kupereka umboni wa chifukwa chomwe adachotsera munthuyo. Kungoti "ndimamudziwa, ndi wakuba" si umboni.

Wochotsedwayo ali ndi miyezi itatu yoti akadandaule kwa mkulu wa zantchito wa m'boma, komwe ambiri timangoti ku leba. Zikakanika kumeneko, nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khoti loona milandu yantchito. Kwa ife a kumunsi kuno, zikutanthauza kutseka shopu, kukwera mapiri mpaka ku Dedza boma, mwinanso kukafika ku Lilongwe, thiransipoti yotuluka m'thumba mwanu.

Tiyeni tiwerengere za mtsikana uja. Ngati khoti lapeza kuti adachotsedwa mopanda chilungamo, chipukutamisozi sichingachepere malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse kwa amene wagwira zaka zosapitirira zisanu. Zaka zitatu, masabata atatu, ndipo khoti likhoza kuwonjezera. Palinso ndalama ya severance, yomwe ndi malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyambirira: masabata ena asanu ndi limodzi. Onjezani mwezi umodzi wa notisi, poti ankalipidwa pamwezi. Zonse pamodzi ndi malipiro a miyezi pafupifupi itatu, tisanawerengere masiku a tchuthi omwe sadapume. Lamulo limapereka masiku 18 pachaka kwa ogwira masiku asanu ndi limodzi pasabata, ndi masiku 15 kwa ogwira masiku asanu.

Ku leba akafunsanso kuti ankalandira zingati. Mu February 2024 boma lidakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi. Ndalamayi imasinthidwa nthawi ndi nthawi ndipo imasiyana malinga ndi mtundu wa ntchito, choncho funsani ku leba yomwe ikukukhudzani panopa. Ngati munkalipira yochepera, akhoza kukuuzani kuti mubweze zotsalazo. Chimodzimodzi maola: opitirira 48 pasabata ndi ovataimu, ndipo ola la ovataimu pa tsiku wamba limalipidwa ngati ola limodzi ndi theka.

Eni mabizinesi ena anena kuti malamulowa ngolemera kwa munthu amene mpamba wake ndi ngongole ya banki m'khonde. Dandaulo lawo n'lomveka, pakuti kuba kulipodi ndipo phindu la kashopu n'lochepa. Koma lamulo silikuletsani kuchotsa wakuba. Gawo 59 limalola kuchotsa munthu popanda notisi akapalamula cholakwa chachikulu. Chomwe likufuna n'choti muchite mwadongosolo, ndipo dongosololo silifuna loya.

Gulani kope. Patsamba loyamba lembani tsiku lomwe wayamba ntchito, ntchito yake, maola ndi malipiro, nonse musainire. Madzulo aliwonse werengerani limodzi ndalama ndi fuloti, n'kusainiranso. Malipiro azisainira, kapena muzimutumizira pafoni kuti uthenga ukhale umboni. Akalakwa koyamba, mulembereni chenjezo, osamudula malipiro ngati chindapusa, chifukwa lamulo limaletsa zimenezo. Pakachitika chachikulu, muuzeni mlandu wake momveka, mupatseni nthawi yokonzekera, khalani pansi pali mboni, mumve mbali yake ndipo mulembe zomwe mwakambirana. Mukaganiza zomuchotsa, mupatseni kalata yonena chifukwa, ndipo zonse zomwe akuyenera kulandira mumulipire pasanathe masiku asanu ndi awiri.

Nanunso achinyamata amene mukugwira ntchito m'mashopu, m'zigayo ndi m'malesitilanti a m'mbali mwa M5, musamafufute mauthenga a malipiro m'foni mwanu, ndipo muzilemba tsiku lomwe mudayamba ntchito. Akakuchotsani osakumvani, musataye nthawi ndi kutukwana pa Facebook. Miyezi itatu ija imayamba kuwerengedwa tsiku lomwe mwachotsedwa.