Bra yokukwanani imadziwika ndi lamba wam'munsi

Ntchito yanga ndi yautelala, ndipo pa zovala zonse za amayi, chimene chimagulidwa mongoyerekeza kwambiri ndi bra. Pamsika wa Migowi kapena wa Chiringa mayi amasankha chitenje mofatsa, nsapato amayesa kaye, koma akafika pamulu wa mabra a kaunjika amangoyang'ana kukula kwa makapu, n'kulipira msangamsanga chifukwa cha manyazi. Ine ndikuti makapuwo ndiwo amasocheretsa anthu. Chimene chimanyamula mabere ndi lamba wam'munsi wozungulira nthiti, ndipo amene walakwitsa lambayo walakwitsa bra yonse.

Kulemera kwa mabere kumayenera kukhazikika pa lamba, pamene zingwe zam'mapewa zimangothandiza kuti makapu akhale m'malo. Lamba akakhala wolelera amakwera kumsana, mabere amatsika, ndiye mayi amafupikitsa zingwe kuti awakweze. Katundu yense amasamukira pamapewa, ndipo pamatsala mikwingwirima yozama imene ambiri amaiona ngati mtengo wa kukhala ndi mabere aakulu. Mayi wa kuno amawerama m'munda mwa nandolo, amasenza ndowa, amapalasa njinga mtunda wautali. Thupi logwira ntchito chotero lisamawonjezeredwe ululu ndi chovala. Nyengo yotentha ya Okutobala, bere likagonera pakhungu chifukwa lamba sakuligwira, thukuta limasonkhana m'munsimo ndipo pamabuka zidzolo zoyabwa.

Kuyeza kwake n'kosavuta, tepi ya telala ndi yokwanira. Zungulizani tepi m'munsi mwenimweni mwa mabere, yogwira bwino ndi yosapendama, muwerenge masentimita. Nambalayo muiyandikize ku 70, 75, 80 kapena 85, amene ndi masaizi a ku Ulaya. Pa mabra a ku Britain masaizi omwewo amalembedwa 32, 34, 36 ndi 38. Kenaka yezani pamene mabere atukuka kwambiri, osafinya, muchotsepo nambala yoyamba ija. Kusiyana kukakhala masentimita 12 mpaka 14 kapu ndi A, 14 mpaka 16 ndi B, 16 mpaka 18 ndi C, 18 mpaka 20 ndi D. Apa mpamene pabisala chinthu chimene ogulitsa ambiri sachidziwa: chilembo pachokha sichinena kukula kwa bere. Kapu ya 34C imalowa bere lofanana ndi ya 36B ndi ya 32D. Choncho ngati makapu akukwanani koma lamba akulelera, tsitsani nambala ndi kukweza chilembo.

Wina anena kuti zimenezi n'za ogula m'masitolo a ku Blantyre, pakuti pakaunjika umatenga chimene wapeza. Ndikuvomereza kuti kalebulo ka bra ya kaunjika sikodalirika. Belo limodzi limasakaniza zovala za maiko osiyana, moti bra imene ku Germany ndi 75, ku France imalembedwa 90, komanso lasitiki anatamuka kale pathupi la mwini wake woyamba. Koma ichi ndicho chifukwa chenicheni chodziwira muyeso wanu. Dulani kachingwe kofanana ndi kuzungulira kwa nthiti zanu, mupite nako kumsika. Lamba wabwino, asanakokedwe, amakhala wofupikirapo kuposa kachingweko, ndipo mukamukoka amabwerera mwamphamvu. Wofanana nako kapena wopitirira musiyeni. Mukakayesa kunyumba, kolani pa ngowe zakumapeto kuti lasitiki akadzatamuka mudzasunthire mkati. Lamba akhale mzere umodzi kutsogolo ndi kumsana, zala ziwiri zilowe pansi pake mothina, kansalu kapakati kagone pafupa la chifuwa, ndipo bere lisasefukire pamwamba kapena kukhwapa. Lamba wotalika telala angathe kumufupikitsa ndi ndalama yochepa, koma kapu yaing'ono palibe angaikulitse.

Ena amaopa lamba wogwira, makamaka wokhala ndi waya, poti amati amayambitsa khansa. Ofufuza a ku Fred Hutchinson mumzinda wa Seattle ku America anaunika nkhaniyi mu 2014 ndipo sanapeze mgwirizano pakati pa kuvala bra ndi khansa ya m'mabere. Kugwira n'kosiyana ndi kufinya: bra yolepheretsa kupuma kapena yobaya ndi yolakwika. Amene ayenera kusamala ndi mayi woyamwitsa, chifukwa waya wopanikiza bere angathe kutsekereza mkaka n'kubweretsa kutupa. Kwa iye bra yofewa yopanda waya ndiyo yabwino.

Muyeso sukhala umodzi moyo wonse. Pakati, kuyamwitsa, kunenepa, kuwonda ngakhalenso masiku oyandikira kusamba zimausintha, n'chifukwa chake ndimalangiza kuyezanso thupi likasintha. Bere limodzi kukulirapo kuposa linzake n'chibadwa kwa amayi ambiri, ndipo kapu imasankhidwa potsata lalikululo. Koma bra imene inkakukwanani ikayamba kuthina mbali imodzi yokha, kapena mukamva chotupa, mukaona khungu likunyala kapena nsonga ya bere ikulowa mkati, nkhaniyo yachoka m'manja mwa telala. Pitani kuchipatala cha Holy Family kapena cha boma ku Migowi akakupimeni msanga.