KUSINTHA MASILINDA NDI MAPAIPI A KAMAKINA KONYAMULA DOTHI

Munthu amene anayendapo m'komboni ya Misisi, kumwera kwa tauni ya Lusaka, adziwa kuti njira zace nzopapatiza, ndi kuti pa dzinja madzi amaima pakhomo masabata ambiri. Pansi pa mzindawu pali thanthwe la laimu, ndipo maenje amene anthu anakumbamo miyala kale anasanduka maiwe. Lole yaikuru siingathe kulowa pakati pa nyumba zothinana cotero. Nchito ya kucotsa zinyalala ndi kutsegula ngalande imagwera anthu a fosholo ndi wilibala, koma ndarama zikapezeka amabwereka kamakina ka mawiro 4 kamene ambiri amakacha Bobcat. Nchito imeneyi si yacabe. Kolera itabuka mu Lusaka m'caka ca 2017 ndi 2018, boma linacita kutuma asilikali kukayeretsa mzinda.

Kamakinaka kanayamba ku America m'caka ca 1957, pamene abale awiri, Cyril ndi Louis Keller a ku Minnesota, anapangira mlimi wa nkhukundembo cida cocotsera ndowe m'khola. Kanabadwira pamalo opapatiza, ndipo ndico cifukwa cace kayenerana ndi makomboni.

Kodi cimene cimakweza mikono yace nciani? Omvera a ku migodi ayankha msanga kuti ndi mafuta. Injini imazunguza pampu, pampu nikankha mafuta m'mapaipi kufikira m'masilinda awiri, ina kumanja ina kumanzere. M'kati mwa silinda muli pisitoni yolumikizika ku ndodo yonyezimira, ndipo mafuta akaikankha ndodoyo imaturuka, mkono nukwera. Mafutawo amapanikizidwa kufikira mabar 200 kapena kuposa. Pa pisitoni ya masentimita 6 m'mimba mwace mphamvu yotere iposa matani 5. Koma pali cinthu cimene ngakhale amakaniko okalamba amaiwala: mikono ikakhala m'mwamba palibe citsulo coigwira. Yatsamira pa mafuta okha otsekeredwa m'silinda. Womasula paipi ali pansi pace watsegula yekha khomo la mafutawo, ndipo mikono imagwa kamodzi, yosampatsa mpata wothawa.

Tsono makaniko wanzeru ayamba ndi kuimika makina pamalo osalala ndi ouma, nakhutula dothi lonse, natsitsa mikono mpaka pansi. Ngati nchito ifuna kuti ikhale m'mwamba, aikapo mciricizo wacitsulo umene makina anadza nao. Apa pali msampha. Pa makina ambiri mciricizowo umakhala pa ndodo ya silinda. Ngati silinda yomweyo ndiyo iri kucotsedwa, pafunika cogwiriza cina colimba, kapena unyolo womangidwa kumwamba. Njerwa za simenti siziyenera konse, pakuti zimasweka mosacenjeza. Atatero azima injini, acotsa kiyi, natulutsa mphamvu yotsala m'mapaipi monga buku la makinawo linena, nadikira kuti mafuta azizire.

Asanagwire sipanala atsuke. Pfumbi la m'cirimwe ndi matope a dzinja nzoipa kwa makinawa koposa katundu wolemera. Kamcenga kosaoneka ndi maso kakalowa m'mafuta kamayenda nao kufikira m'pampu, kukanda zitsulo zimene zinasulidwa mosamala, ndipo pampu ndi ya mtengo wapatali. Cifukwa cace paipi iri yonse ikamasulidwa, pakamwa pace patsekedwe pomwepo ndi cotsekera coyera, ndipo ilembedwe cizindikiro kuti idzabwerere pamalo pace. Pomasula agwire masipanala awiri, ina yogwira ina yopotola.

Silinda imagwidwa ndi mapini awiri. Acotsa kabauti kosunga pini, nakhoma piniyo ndi nyundo, mnzace ataigwiriza silindayo, pakuti njolemera. Poika yatsopano, mabowo akapanda kulingana, asapisemo cala kuti amve; citsulo cikasuntha pang'ono cala cimatsala momwemo. Mapini apakidwe girisi.

Si nthawi zonse pafunika silinda yatsopano. Mikono ikamatsika yokha pang'onopang'ono, kapena mafuta akamanyowetsa ndodo, kawirikawiri zatha ndi mphira za m'kati, ndipo zimenezi nzochipa. Koma ayambe wayendetsa cikhadabo pa ndodo makina atazima. Ngati yakandika, yacita dzimbiri kapena yapindika, idzang'amba mphira zatsopano msanga.

Paipi ya makinawa si ya madzi ai. Pansi pa mphira yace pali waya wolukana, ndipo mitu yace imafinyidwa ndi makina apadera. Mwini nchito atenge yakaleyo kunka nayo kwa opanga mapaipi m'tauni, kuti ampatse yolingana utali, mitu ndi mphamvu. Alipo amene amamanga paipi yodontha ndi malegeni monga acitira pa njinga. Malegeni ali ndi nchito zace zambiri m'komboni, koma sangalimbane ndi mabar 200. Paipi yatsopano isapotoke poimanga, ndipo malembo a pambali pace aonetsa ngati yapotoka. Isakokeke kolimba, ndipo isakhule pa citsulo mikono ikamakwera.

Zonse zitamangidwa aliza injini pang'ono, nakweza ndi kutsitsa mikono kangapo popanda katundu, kuti mpweya uturuke m'masilinda. Poyamba mikono imanjenjemera, pambuyo pace niyenda bwino. Ndipo athira mafuta ena m'thanki kufikira pa cizindikiro.

Pofuna podontha agwiritse nchito cikatoni, osati dzanja. Kabowo konga ka singano kamatulutsa mafuta mwamphamvu yakuti amaboola khungu nalowa m'mnofu. Bala lace limaoneka ngati polasa munga, ndipo ambiri amangomangapo kansaru nabwerera ku nchito. Koma m'katimo mnofu uli kufa, ndipo pakapita maora cala kapena dzanja lingadulidwe. Wolasidwa cotero apite ku cipatala cacikuru monga U.T.H. nthawi yomweyo, nauze dotolo kuti ndi mafuta a makina amene alowa.

Mafuta akale asonkhanitsidwe m'cigubu cotseka. M'makomboni monga Misisi ndi Kanyama madzi a pansi ali pafupi, ndipo thanthwe la laimu liri ndi ming'alu yambiri. Mafuta otayidwa m'ngalande amatsika m'ming'alumo kufikira m'zitsime zosaya zimene mabanja ena atungamo madzi.