Madzi a Mvula: Tungani a Padenga, Patutsani a Pansi

Amayi ndi abambo amene mwasamuka m'nyumba zanu ndipo mukukhala m'misasa kapena kwa achibale kuno ku Furancungo, ndi m'midzi ya Macanga ndi Tsangano: mvula yayamba, ndipo iyi ndi nyengo imene kolera amafala msanga. Tinaziona mu 2023, chaka cha namondwe Freddy, pamene matendawa anagwira zigawo zambiri za Mozambique, kuphatikizapo Tete yathu ino.

Mvula ikagwa yamphamvu, madzi othamanga pansi amakokolola chilichonse: chimbudzi cha mwana kuseri kwa msasa, ndowe za mbuzi, zosefukira m'chimbudzi chodzaza. Kuno n'kumapiri, ndiye zonsezo zimatsetsereka mpaka m'zitsime zosavundikira ndi m'mitsinje. Chitsime chimene munamwa dzulo osadwala, mvula ikagwa usiku sichilinso chimodzimodzi, ngakhale madzi aoneke oyera.

Pa masiku otere, madzi a padenga ndi abwino kuposa a pachitsime, komanso ndi ambiri. Denga la malata la mamita 4 ndi 5, mvula ya mamilimita 10 yokha, limagwetsa malita pafupifupi 200. Ndi dilamu lathunthu limenelo, kapena zigubu 10 za malita 20. Ngati mulibe malata, mangani lona yotsuka bwino pa mitengo inayi, mbali imodzi ikhale yotsika kuti madzi azigwera mu ndowa. Nsungwi yong'amba pakati, mutachotsa mfundo zake, imagwira ntchito ngati mpaipi. Madzi a denga la udzu asiyeni akhale ochapira.

Koma chonde musathamangire madontho oyamba. Padenga pamakhala fumbi ndi zitosi za mbalame, ndiye dikirani mvula itsuke kaye kwa mphindi zingapo, kenako tcherani ndowa yotsukidwa ndi sopo. Ndikamayenda m'misasa ndimamva kuti, "Ndi ochokera kumwamba awa, safuna mankhwala." Ayi ndithu. Adutsa padenga, alowa mu ndowa, akhudzidwa ndi manja. Thirani kachivindikiro kamodzi ka Certeza m'chigubu cha malita 20, khutchumulani, dikirani mphindi 30. Certeza akasowa, wiritsani mpaka abwate. Vundikirani, ndipo muzichita kupungula, osamiza kapu ndi zala momwemo.

Tsopano a pansi aja. Tengani khasu, kumbani kangalande kumtunda kwa msasa kuti madzi apatuke, akathere kudimba kapena pa nthochi, osati pakhomo pa mnzanu kapena kuchitsime. Mozungulira chimbudzi unjikani dothi, ikani kadenga, ndipo dzenje muzilivundikira, kuti mvula isalowemo n'kusefukira. Chimbudzi chatsopano chikumbidwe kumunsi kwa chitsime, pa mtunda wosachepera mamita 30. Ngalande imodzi siikwana aliyense akamakumba payekha, choncho kambiranani ndi a mfumu kapena mtsogoleri wa pamsasa kumene madzi onse azilowera. Ana asasewere m'zithaphwi.

Wina akayamba kutsegula m'mimba kwa madzi ngati otsukira mpunga, kaya akusanza kaya ayi, musadikire kuti kuche. Sungunulani paketi imodzi ya SRO mu lita imodzi ya madzi othira mankhwala, azimwa pang'onopang'ono muli pa ulendo wa kuchipatala. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa.