Ciwindi Catsopano, Adani Akale

Mu 1963, ku Denver, Dokotala Thomas Starzl anayesa koyamba kuika ciwindi ca munthu wina m'thupi la wodwala, koma mwana wodwalayo anamwalira opaleshoni ili m'kati. Lero nchitoyi imatheka, ngakhale kuti ngozi siithera pa mpeni.

Thupi limaona ciwindi catsopano ngati mlendo wofunika kupirikitsa. Kuti lisacikane, wodwala amamwa mankhwala monga tacrolimus kwa moyo wake wonse, ndipo mankhwalawo amafooketsa citetezo ca thupi. Mabakiteriya amapezerapo mpata, makamaka m'mwezi woyamba: amalowera pa bala, pa timapaipi toikidwa m'mitsempha, m'njira za ndulu ndi m'mapapo. Ena mwa iwo, monga Klebsiella, kawirikawiri samva mankhwala ambiri.

Izi zitikhudza ife amene timalandira abale ocokera ku opaleshoni yotere ku India kapena ku South Africa. Cifuwa cacikulu cimene cinagona m'thupi cingadzuke. Kutentha thupi pang'ono, kumene tinazolowera kungoti ndi malungo, kwa munthu wotere ndi nkhani yothamangira kucipatala tsiku lomwelo. Ndipo ngakhale mwambo wozonda odwala timaukonda, amene akutsokomola ayambe wadikira kunyumba kwake.